Chinsinsi cha mowa wamasese chagona pa chimera

Alimi anzanga, tikakolola ambirife timapatula ndowa ya chimanga ndi mawere kuti tifulule mowa wogulitsa kapena wa dima. Koma ndaona amayi ambiri akudandaula kuti mowa wawo sunapse kapena wasasitsa, ndalama n'kulowa m'madzi.

Mowa umayambira pa chimera. Mawere akanyikidwa m'madzi n'kumera kwa masiku atatu kapena anayi, amakhala ndi mphamvu yosandutsa ufa wa m'phala kukhala shuga. N'chifukwa chake thobwa limatsekemera. Mphamvuyi imagwira bwino phala likakhala pa madigiri 60 mpaka 70. Mukathira chimera phala likubwadamuka, mwaipha.

Kenako tizilombo tosaoneka ndi maso totchedwa yisiti timadya shugayo n'kutulutsa ukali wa mowa ndi thovu lija timaliona pamwamba pa mbiya. Tizilomboti timafuna phala lozizirako, madigiri 20 mpaka 30. Mbiya ikhale yotsuka bwino ndi yovundikira, chifukwa mpweya wakunja ukalowa wambiri, mowa umasanduka viniga.

Langizo langa lomaliza ndi ili: chonde musamafulule mowa ndi chimanga chachuku. Poizoni wake satha ndi moto, ndipo amawononga chiwindi cha anthu akumwawo.