Mlatho wa Kassuende unapepuza mzinda wa Tete

Mbatatesi ya ku Angónia ikapakiridwa pa lole ku Ulongwe, ulendo wake ndi wautali. Imatsika ndi msewu wa N304 mpaka pa Mussacama, kenaka imalowa mumsewu waukulu wochokera ku Zóbuè kudzera ku Moatize. Isanafike ku misika ya tsidya lina, iyenera kuoloka mtsinje wa Zambezi. Apa ndi pamene panali vuto kwa zaka zambiri.

Mzinda wa Tete unali ndi mlatho umodzi wokha, wa Samora Machel, womwe Apwitikizi anamanga dziko lino lisanalandire ufulu m'chaka cha 1975. Malole onse a ku Malawi ndi ku Zambia opita ku Beira, Zimbabwe ndi South Africa ankaolokera pomwepo, kulimbirana njira ndi minibasi, njinga ndi anthu apansi pakati pa tauni. Migodi ya malasha itatsegulidwa ku Moatize, galimoto zinachulukiratu. Pofuna kuteteza mlatho wokalambawo, malole olemera ankaoloka mwa apo ndi apo, ndipo mzere unkatalika.

Kwa wonyamula simenti, kudikira kunali kutaya nthawi chabe. Koma kwa mwini tomato, kabichi kapena mbatatesi, dzuwa la ku Tete silichita chifundo: katundu amafota ali pa lole, mtengo ndi kugwa.

Boma linaona kuti mankhwala ake ndi kuchotsa mumzinda galimoto zimene zilibe chochita mumzindamo. M'mwezi wa November 2014, Pulezidenti Armando Guebuza anatsegula mlatho wachiwiri, wa Kassuende, kumunsi kwa mzindawo pafupi ndi Benga. Mlathowu ndi wotalika mamita oposa 700, ndipo uli ndi misewu yake yolambalala tauni. Malole olemera anayamba kudutsa kumeneko, mlatho wakale ndi kutsalira galimoto zing'onozing'ono.

Zaulere palibe. Kampani ya Estradas do Zambeze, yomwe inapatsidwa ntchitoyi, inaloledwa kulipiritsa galimoto pa malo amene anthu kuno amawatcha portagem. Ndalama imeneyi mwini lole amaiwerengera pa mtengo wonyamulira thumba, choncho mlimi nayenso amasonkhapo.

Anzathu a ku Malawi anachitanso chimodzimodzi. Ku Lilongwe anamanga msewu wolambalala cha kumadzulo, kuchokera pa mphambano ya Bunda kukalumikiza msewu wa ku Mchinji, kuti lole yochokera ku Dedza kupita ku Zambia isalowe m'kati mwa mzinda.

Komabe msewu wotere umathandiza pokhapokha utasiyidwa poyera. Pamene padutsa malole, pamabwera ogulitsa. Pamene pali ogulitsa, galimoto zimaima. Posakhalitsa msewu womangidwira kuthamanga umasanduka msika. Aliyense amene anadutsapo pa Lizulu tsiku la msika, kapena pa chipata cha Calomue malole atandanda, akudziwa mmene zimakhalira.

Phunziro kwa anthu a ku Ulongwe ndi midzi ya m'malire nali. Tauni ikukula, ndipo malole sadzachepa. Ngati mafumu, akuluakulu a tauni ndi amalonda agwirizana msanga za malo oimikapo malole ndi misika yotalikirako pang'ono ndi phula, adzapulumutsa miyoyo ya ana ndi malonda omwe. Kugwetsa golosale yomangidwa kale m'mphepete mwa msewu ndi mlandu wovuta kuposa kuloza malo abwino maziko asanakumbidwe.