Nyumba yongodikirira kapena kuponi ya lendi

Ku America, mayi akatulutsidwa m'nyumba chifukwa cha ngongole ya lendi, kapena akathawa mwamuna womumenya, nthawi zina amayamba wafikira kumalo ogona anthu osowa pokhala, ana ali m'manja. Kumeneko n'kongousa mvula basi. Nkhani imene yavuta dzikolo kwa zaka zambiri ndi yakuti akachoka pamenepo alowere kuti.

Njira yakale, yomwe inafala pambuyo pa lamulo la McKinney la mu 1987, ndi nyumba yongodikirira. Bungwe limapatsa mayi ndi ana ake chipinda kapena kanyumba kwa nthawi yosapitirira miyezi 24. Pamalopo pamakhala alangizi, ndipo mayi amaphunzira za ntchito, kasungidwe ka ndalama ndi kaleredwe ka ana. Malamulo nawo sasowa: ola lofikira pakhomo, kuletsa mowa, misonkhano yosajomba. Ganizo lake n'lakuti ayambe wakhazikika maganizo, nyumba yakeyake idzabwera pambuyo.

Njira inayo ndi kuponi ya lendi, imene kumeneko amaitcha Housing Choice Voucher. Mayi amadzifunira yekha nyumba kwa landilodi wovomera kuponiyo, n'kumalipira pafupifupi magawo 30 pa 100 alionse a ndalama zomwe amapeza. Zotsalazo limamaliza ndi boma. Samupatsa mlangizi, komanso samuuza tsiku losamuka.

Ndikadafunsidwa ndisanaone zotsatira, ndikadasankha nyumba yongodikirira. Munthu amene wagwa m'mavuto otere amaoneka wofunika womugwira dzanja. Koma unduna woona za nyumba m'dzikolo, HUD, unaziyesa njirazi pa kafukufuku wotchedwa Family Options Study. Pakati pa 2010 ndi 2012 anatenga mabanja 2,282 m'madera 12, kuphatikizapo Boston, Denver, Atlanta ndi Honolulu. Ambiri mwa mabanjawa anali a mayi yekha ndi mwana mmodzi kapena awiri. Anawagawa mwamaere, kenaka n'kuwatsatira kwa zaka zitatu.

Omwe anapatsidwa mwayi wa kuponi sanabwererenso kawirikawiri kumalo ogona aja, ndiponso anachepa omwe ankapanikizana m'nyumba za abale. Mpaka apa palibe chachilendo, poti anali ndi nyumba. Chimene chinandigwira mtima ndi zinazi: ana awo sankasinthasintha sukulu ngati anzawo, njala inachepa pakhomo, amayi odandaula za nkhawa anachepa, ndipo nkhanza zochokera kwa amuna nazonso zinatsika. Zonsezi zinachitika popanda kalasi ngakhale imodzi. Mayi amene ali ndi kiyi wake sakakamizika kubwerera kwa mwamuna wankhanza pofuna denga, ndipo mwana amene akugona malo amodzi chaka chonse amamudziwa mphunzitsi wake.

Nyumba yongodikirira inatetezadi mabanja panthawi imene anali mkatimo. Koma pa zomwe inakhazikitsidwira, monga ntchito, ndalama ndi mtendere wamumtima, sinasiyane kwenikweni ndi thandizo lamasiku onse limene mabanja ena a m'kafukufukuyo ankalandira. Mabanja ambiri sanalowemo n'komwe. Ena anakanidwa chifukwa cha malamulo a mabungwewo, ena anakana okha, mwina poona kuti malowo ali kutali ndi sukulu ya ana ndi abale awo. Mtengo wake unalinso wokwera: pafupifupi madola 2,700 pa banja pamwezi, pamene kuponi inali pafupifupi madola 1,170.

Kuponi nayo ili ndi zilema zake. Miyezi yoyambirira, amayi omwe anailandira anachepako pantchito zolipidwa. Ndalama zake sizitha pa miyezi 24, boma limangolipirabe. Landilodi wina amaikana. Choipitsitsa n'chakuti makuponiwo ndi ochepa: mwa mabanja anayi oyenera thandizo la lendi m'dzikolo, limodzi lokha ndilo limalandira, ndipo m'mizinda ina anthu amadikira pamndandanda kwa zaka.

Sindinganene kuti nyumba zongodikirira zitsekedwe. Mayi amene akusakidwa ndi mwamuna wolusa amafunika malo obisika, a mlonda pachipata ndi anthu odziwa za khoti. Mtsikana wobereka ali wamng'ono, kapena mayi amene akulimbana ndi mankhwala ozunguza bongo, angapindule pokhala pafupi ndi alangizi usana ndi usiku. Amenewa apatsidwe malowo, ndipo alowe mwa kufuna kwawo.

Koma amayi ambiri a m'kafukufuku uja sankasowa nzeru zolerera ana kapena zoyendetsera banja. Lendi ndiyo inakwera kuposa malipiro awo. Kwa mayi wotere, kuponi ndiyo yoyenera kubwera poyamba, ndipo maphunziro adzawafuna yekha ana atagona m'nyumba yawo.