Chisena chakwera mtunda

Masiku ano mukakwera minibasi yochoka ku Blantyre kupita ku Nsanje, simuchedwa kumva wina akulankhula pafoni m'Chisena, mokweza ndithu, kufunsa ngati madzi aphwera kudimba ndiponso ngati mwana wapita kusukulu. Palibe amene amacheuka. Kondakitala, mwina Mlomwe wa ku Thyolo, amaponyapo mawu awiri atatu amene anatola panjira, galimoto yonse n'kufa nacho chiseko. Ine zoterezi zimandikoma mpaka m'mafupa, chifukwa ndinakulira ku Makhanga ndipo ndikudziwa mmene zinthu zinalili. Ana a masiku ano amayesa kuti dziko linali choncho chikhalire. Ayi ndithu, linasintha ife tikuona, ndipo linasintha bwino.

Makhanga ali m'boma la Nsanje, m'dera la Mfumu Mlolo, kutsidya la kum'mawa kwa Shire, pafupi ndi pamene mtsinje wa Ruo umathira m'Shire. Mukaoloka Ruo ndiye kuti mwaponda dziko la Mozambique. Malawi ndi dziko laling'ono, la makilomita 118,484 m'bwalo lake lonse, nyanja ili momwemo, koma m'kuchepa kwakeko muli zodabwitsa. Nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ili pa mamita 3,002, pamene malo otsikitsitsa a dziko lino, kumene Shire amatulukira kulowa ku Mozambique, ali pa mamita 37 okha. Ruo amachokera pa Mulanje pomwepo. Mvula ikakhuthuka kuphiriko, ife amene sitinaone n'kamtambo komwe ndi amene timadzuka usiku kunyamula ana ndi mbuzi. Dzuwa la Okutobala ndi Novembala limapyola madigiri 40, udzudzu ndiye osanena. Koma nthaka yake, abale! Madzi akaphwera amasiya dothi lakuda limene limabereka chimanga, mbatata ndi nyemba popanda feteleza, ndipo m'dambo la Elephant Marsh mumatuluka milamba ndi makakana odyetsa misika ya kumtunda.

Eni chigwa cha Shire oyamba amene mbiri imawatchula ndi Amang'anja, anthu a Mfumu Lundu, amene kachisi wawo wa Mbona ali ku Khulubvi mpaka lero. Asena anabwera pambuyo kuchokera ku Zambezi, kufupi ndi tawuni ya Sena, makamaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1900. Ambiri ankathawa ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, ena nkhondo ya Makombe ya mu 1917. Alomwe nawo ankatsika kuchokera kumapiri a Thyolo ndi nthochi ndi chinangwa kudzasinthanitsa ndi nsomba. Motero pamsika wa Makhanga munthu ankagula m'Chimang'anja, kunenerera m'Chisena, chenji n'kuwerengeredwa m'Chilomwe. Amang'anja ankatsata chikamwini, Asena ankalowola, koma ankakwatirana, ndipo mwana wobadwa m'banja lotere ankakula ndi ziyankhulo ziwiri osadziwa n'komwe kuti ndi luso.

Vuto linkayambira pasiteshoni. Sitima yopita ku Limbe inkakwera mtunda motsata Ruo, kudutsa Sankhulani, Thekerani, Sandama ndi Luchenza. Pochoka pa Makhanga m'mabogi munkamveka Chisena chokhachokha, amayi akufuula, madengu a nsomba zouma ali mbwee. Pofika pa Sandama phokoso linali litayamba kuchepa. Pofika pa Luchenza aliyense anali atasanduka Mchewa. Chiyankhulo chathu tinkachivula ngati nsapato zamatope pakhomo la eni. Amalume anga, amene ankagwira ntchito yaulonda ku Limbe, ankanditsina tikamayandikira, n'kundinong'oneza kuti, "Iwe mphwanga, pano tseka pakamwa, ukalankhula zakwathu atiseka." Ndipo ankanena zoona. Ku tawuni Msena ankamuyesa munthu wotsalira, wa kudziko lotentha, wodya nyika. Ena ankabisa maina a makolo awo, a Zuze ndi a Dimingu, poopa kufunsidwa ngati ali Amalawi enieni. M'zaka za m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1990, pamene nkhondo ya ku Mozambique inathamangitsira kuno anthu opitirira miliyoni imodzi, ambiri mwa iwo n'kudzakhala m'boma la Nsanje, funso limeneli linafika popweteka. Munthu wobadwira pa Makhanga, agogo ake atagona m'manda a pomwepo, ankatchedwa wothawa kwawo chifukwa cha kalankhulidwe basi.

Manyazi amenewa anali ndi gwero lake m'ndale. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress Party unagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa, kuti chikhale chiyankhulo cha fuko, ndi kuti icho pamodzi ndi Chingerezi zikhale zokhazo zomveka pa wailesi ndi zosindikizidwa ndi boma. Chitumbuka, chimene chinkamveka pa wailesi, chinachotsedwa. Chisena ndiye sichinalaweko n'komwe. Mu 1972 kunakhazikitsidwa bungwe la Chichewa Board loti liziyang'anira kalembedwe ndi kalankhulidwe koyenera, ndipo Dr. Kamuzu Banda mwiniwake ankakonza anthu Chichewa pamisonkhano. Tinene chilungamo, panali nzeru ina pamenepo: kalembera wa 1966 anaonetsa kuti pafupifupi theka la anthu ankalankhula Chinyanja kunyumba, ndipo atatu mwa anayi alionse ankachimva. Dziko limafuna chiyankhulo chokumanirana, ndipo ine Chichewa ndimachikonda, ndi chimene ndikulemberamu. Cholakwika chinali kuganiza kuti china chikakwera, zinzake zonse zigone pansi. Mwana wa Sitandade 1 ku Makhanga ankafika m'kalasi n'kupeza kuti mawu amene mayi ake anamuyamwitsa nawo ndi mlandu, wochapidwa nawo kapena kusesetsedwa bwalo. Ngakhale Gwanda Chakuamba, mwana wa m'boma la Nsanje yemwe anali nduna yamphamvu asanamangidwe mu 1980, ntchito yake yonse ya boma ankaigwira m'Chingerezi ndi m'Chichewa.

Ndiye kunadza 14 Juni 1993. Amalawi anavota pa riferendamu n'kusankha ndale za zipani zambiri, ndipo chaka chotsatira dziko linalandira malamulo aakulu atsopano. Gawo 26 la malamulowo limapatsa munthu aliyense ufulu wolankhula chiyankhulo chimene wafuna ndi kutsata chikhalidwe chimene wasankha. Ndi kachiganizo kamodzi kokha, koma kanamasula pakamwa pa anthu mamiliyoni. Boma la Bakili Muluzi linabwezera Chitumbuka pa wailesi ya MBC mu 1994 momwemo, ndipo mu 1996 nkhani zinayamba kuwerengedwa m'Chiyao, m'Chilomwe ndi m'Chisena. Chitonga ndi Chinkhonde zinatsatira. M'chaka chomwecho cha 1996 Chichewa Board inalowedwa m'malo ndi Centre for Language Studies ku Chancellor College ku Zomba, malo ofufuza ziyankhulo zonse za m'dziko muno.

Amene sanaone masiku amenewo sangamvetse chisangalalo chake. Nkhani za m'Chisena zinali za mphindi zowerengeka chabe, koma nthawi yake ikamayandikira anthu ankasiya mitondo, kusiya maukonde, n'kuunjikana kwa aliyense amene anali ndi wailesi ya mabatire amoyo. Agogo anga aakazi, amene moyo wawo wonse ankadikira mdzukulu kuti awamasulire zimene boma lanena, anamvetsera okha kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kenako anaimirira n'kululutira. Anafunsa kuti, "Kodi mwana ameneyu ngwa kwa yani? Makolo ake anamulera bwino." Anthu anatsutsana usiku wonse ngati wowerenga nkhaniyo anali wa kwa Tengani kapena wa kwa Ngabu, poti katchulidwe kamasiyana pang'ono. Zimene zinanenedwa m'nkhanimo palibe anazisunga. Chimene aliyense anamva n'chakuti mawu akwathu atuluka m'nyumba ya mphepo ya boma, ku Blantyre, ndipo a ku Karonga ndi a ku Mchinji nawonso awamva.

Oimba ndiye anatsegula chitseko chonse. Joseph Tembo, mnyamata wa m'chigwa chomwechi, anatulutsa nyimbo ya Dimingu, ndipo dziko lonse linavina. Taganizani: dzina lomwe lija anthu ankabisa linayamba kufuulidwa m'maukwati a ku Area 18 ku Lilongwe ndi m'mabala a ku Mzuzu, ndi anthu osadziwa n'liwu limodzi lomwe la Chisena! Tembo anasankhidwa kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo mu 2009, ndipo anamwalira chaka chomwecho akadali wamng'ono, koma njira anali atailambula. Nyandoro Mthenga ndi Agorosso nawo anaonetsa kuti mang'ombe a m'chigwa, otengedwa ku valimba ndi ku magule ngati utse, akhoza kuima pa siteji iliyonse osapepesa. Chakuamba uja atatuluka m'ndende mu 1993 anadzapikisana nawo pa mpando wa pulezidenti mu 1999 ndi mu 2004, ndipo akafika m'chigwa anthu ankamuitana Mbuya, iye n'kuwayankha m'chiyankhulo chawo pa chinkuzamawu, atolankhani ali pomwepo. Kuyambira pamenepo wandale aliyense wofuna mavoti a kuno amayamba waloweza kaye moni wa Chisena ali m'galimoto. Ena amapotoza mpaka ana kugwa nako kuseka, koma anthu amawaombera m'manja ndithu, chifukwa kale ndife tinkapotoza lilime pofuna kusangalatsa iwo.

Kusinthaku sikunathere pa zovina. Ku Makhanga chiyankhulo ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Mu 1997 madzi anakokolola njanji ndi msewu pakati pa Makhanga ndi Bangula, pamalo amene anthu amawatchula kuti Mtayamoyo, ndipo kuyambira pamenepo ulendo wa ku Bangula unasanduka wa pabwato. Mu Januwale 2015 Ruo anasefukira n'kudzitsegulira njira yatsopano, Makhanga n'kusanduka chilumba chofikirika pa helikopita. Kenako kunabwera namondwe wa Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023. Mavuto amenewa ndi aakulu ndipo sanathe. Mabanja ambiri anasamukira kumtunda, cha ku Osiyana, kusiya minda ndi manda a makolo. Koma taonani kusiyana kwake. Kale chenjezo, likakhalapo, linkabwera m'Chichewa cha muofesi chomasuliridwa kuchokera ku Chingerezi, ndipo nkhalamba inkangomva kuti kwanenedwa zamvula. Lero boma la Nsanje lili ndi mawailesi akeake, Nyanthepa ndi Gaka, amene amalankhula Chisena ndi Chimang'anja tsiku lonse. A zanyengo akalengeza kuti kumtunda kugwa mvula yamphamvu, uthengawo umafika m'chiyankhulo cha pakhomo, anthu a m'makomiti oteteza mudzi ku ngozi n'kuutenga pa zinkuzamawu kuzungulira nawo midzi. Akuluakulu ankati chakudza sichiimba ng'oma, koma madzi a Ruo masiku ano amaimbiridwa ng'oma asanafike. Msodzi amaimba foni ku wailesi kunena mmene mtsinje wakwerera pamene iye ali, mayi wa kutsidya n'kumva, n'kuyamba kumanga katundu dzuwa likadalipo.

Kalembera wa 2018 anapeza Amalawi 17.5 miliyoni, ndipo mwa anthu 100 alionse pafupifupi anayi anati ndi Asena, atatu anati ndi Amang'anja. Chimene chimandikondweretsa pa ziwerengerozi n'chakuti munthu anafunsidwa mtundu wake ndi wantchito wa boma atanyamula kabuku, iye n'kuyankha mosazengereza, osayamba wayang'ana uku ndi uku. Mitundu ina itakhazikitsa mabungwe a chikhalidwe, monga Mulhako wa Alhomwe mu 2008, a m'chigwa nawo anapanga wawo, Mgumano wa Asena na Amang'anja, mitundu iwiri m'bungwe limodzi monga mmene ilili m'mabanja mwathu. Zotsala zilipo: ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe aphungu amakambiranabe m'Chingerezi chokha, ndipo lamulo la unduna wa maphunziro la mu 1996 loti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chiyankhulo chakwawo linasowa mabuku, kenako mu 2014 boma linatembenukira ku Chingerezi. Zimenezo tidzazimenyera nkhondo, ndipo tsopano pakamwa tili napo.

Pamene ndimaonera bwino kusinthaku ndi pamisonkhano ya chitukuko. Lamulo la maboma aang'ono la mu 1998 linatsitsira mphamvu ku makhonsolo, ndipo pansi pa khonsolo pali makomiti a chitukuko a m'dera ndi a m'mudzi. Kale bwana wochokera ku boma akabwera, anthu ankakhala pansi pamtengo, iye n'kulankhula, nyakwawa n'kuthokoza, msonkhano n'kutha. Mayi wosadziwa bwino Chichewa sakanayerekeza kukweza mkono. Ulendo wina posachedwapa ndinakhala nawo pa msonkhano wotere. Mayi wina wachikulire, nsalu ili m'chiuno, anaimirira n'kuyamba kufunsa m'Chisena chakupsa: mlatho wa pa Mtayamoyo umangidwa liti, njanji ibwerera liti, nanga malo amene anthu osamuka analonjezedwa ali kuti? Bwanayo, mnyamata wa kumpoto amene anali atangotumizidwa kuno, anatembenukira kwa khansala n'kunena kuti, "Pepani, tandimasulirani bwinobwino, ndisaphonye kalikonse kamene amayiwa anena." Khansala anamasulira, bwana analemba m'kabuku, ndipo mayi uja asanakhale pansi anamuuza kuti ulendo wotsatira abwere ataphunzirako Chisena, chifukwa mafunso akadalipo ambiri. Bwalo lonse linaphulika ndi nthungululu, bwanayo naye akuseka, n'kulonjeza kuti ayamba ndi moni.