Tidziwe Tebulo la Mlembi wa Masiku Ano

Kalata yofunsira nchito, lipoti la gulu la alimi, ngakhale ndondomeko ya phwando la ukwati, zonsezi masiku ano zimafunika kulembedwa pa kompyuta. Mu 2015 ana a Giredi 9 muno m'Zambia analemba koyamba mayeso a maphunziro a kompyuta, koma ambiri a ife makolo tikali kupereka zolemba zathu kwa otaipa m'tauni. Timalipira tsamba lililonse, ndipo nkhani za m'nyumba mwathu zimawerengedwa ndi alendo. Cimene cimatibweza m'mbuyo ndi tizithunzi tambirimbiri timene timaoneka pa galasi. Komatu tikayang'anitsitsa, galasi limeneli ndi tebulo la mlembi cabe: pali pepala, colembera, rula, cofufutira ndi kabati yosungiramo makalata. Tiyeni tiliyendere mbali ndi mbali, potsata Microsoft Word, pulogalamu imene inatuluka koyamba mu 1983.

Pepala ndi colembera

Malo oyera apakati ndiwo pepala lathu. Pamenepo pali kamzere koimirira kamene kamaphethira kosalekeza. Kamzere aka ndiko nsonga ya colembera: pamene kali, ndi pomwe cilembo cotsatira cidzagwera. Tikafuna kuonjeza mau pakati pa ciganizo, tisuntha kamzereko ndi mausi, ndipo mau ena onse amasendeza okha. Aja anagwirapo makina otaipira akale akumbukira kuti liu limodzi likaiwalika, tsamba lonse linali kuyambidwanso.

Tikafika kumapeto kwa mzere, tisadinize batani la Enter, pakuti mau amatsikira okha pa mzere wotsatira. Enter ndi woyambira ndime yatsopano. Pamwamba ndi kumanzere kwa pepala pamakhala rula yoonetsa malire a zolemba; ngati siikuoneka, tiipeza pansi pa liu lakuti View. Kudzanja lamanja kuli kandodo kokwezera ndi kutsitsira masamba.

Zipangizo za pamwamba

Pamwamba pa pepala pali lamba wa zipangizo wochedwa Ribbon, amene anayamba mu Word ya 2007. Lambayu ali ngati kabati ya madilowa, ndipo dilowa lililonse lili ndi dzina lake. Mu Home muli zokometsera zilembo: kukula kwake, mtundu wake, ndi zilembo zitatu B, I ndi U. B amanenepetsa mau, I amawapendeketsa, U amawajambula mzere kunsi. Mu Insert muli zoika m'kalata monga cithunzi, tebulo la manambala ndi nambala ya tsamba. M'menemonso, pa Symbol, tipeza cilembo ca ŵ cimene sicili pa mabatani. Mu Layout tisankha kukula kwa pepala. Apa ticenjere: makompyuta ena amabwera ataikidwa pa pepala la Letter la ku America, pamene ife timagula la A4, la mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali. Tikapanda kusintha, kalata ingatuluke yosalongosoka posindikiza.

Wina angaope kuti akadina molakwa aononga zonse. Mantha amenewa ali ndi mankhwala ake. Kamuvi kokhotera kumanzere, kapena mabatani a Ctrl ndi Z pamodzi, kamabweza cimene tangocita, ngakhale titafufuta ndime yathunthu.

Mzere wofiira sutanthauza kuti talakwa

Kuyambira mu Word ya 1995, kompyuta imajambula kamzere kofiira kokhotakhota pansi pa liu limene silizindikira. Imafanizira mau athu ndi dikishonale ya cinenero cimene casankhidwa, ndipo kawirikawiri cimakhala Cingelezi. Motero tikalemba Cinyanja, tsamba lonse limafiira, ndipo maina monga Tembo, Katete kapena Petauke nawo amaoneka ngati olakwika. Ambiri amakhumudwa, nayamba kukayikira cinenero ca makolo awo. Tisatero. Makinawo ndiwo sadziwa Cinyanja, ndipo mizere imeneyo siituluka pa pepala losindikizidwa. Tingaicotse polowa mu Review, pa Language, ndi kuuza kompyuta kuti isayese kalembedwe ka mau.

Coopsa kwenikweni ndi cakuti nthawi zina kompyuta imasintha yokha liu, poganiza kuti ikutithandiza. Dzina likasinthika pa kalata yopita ku ofesi ya penshoni kapena ku sukulu, munthu angayende maulendo ambiri pacabe. Tiwerengenso ndi maso athu dzina lililonse ndi nambala iliyonse tisanasindikize.

Kamzere ka pansi ndi dzina la pamwamba

Pansi penipeni pa galasi pali kamzere kotiuza tsamba limene tilipo, ciwerengero ca masamba ndi ca mau, ndiponso cinenero cosankhidwa. Kumapeto kwake kudzanja lamanja kuli kokulitsira maonekedwe a pepala. Agogo amene maso ayamba kufooka angakulitse kufika pa 150 peresenti, koma zilembo za pa pepala losindikizidwa sizisintha.

Tsono tikweze maso pamwamba penipeni, pamene pamalembedwa dzina la kalata. Tikaona pakali mau akuti Document1, tidziwe kuti nchito yathu tisanaipatse dzina ndi malo ake. Akulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Tonse tikumbukira cilala ca 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku. Zoona, Word imayesa kudzisungira yokha pakapita mphindi 10 zilizonse, koma si nzeru kudalira pamenepo. Tikangolemba mutu, tilowe mu File, tisankhe Save As, tipereke dzina lomveka. Pambuyo pake tizidiniza Ctrl ndi S tikatha ndime iliyonse. Cizindikiro cosungira ndi kacithunzi ka disiki yakale ya mainchesi 3.5, imene ana athu ambiri sanaionepo.

Amene alibe Word asadandaule, pakuti LibreOffice Writer ndi yaulere ndipo zigawo zake zikuluzikulu ndi zomwezi. Tipemphe mwana kapena mdzukulu atikhalire pambali madzulo amodzi, ife tigwire mausi ndi dzanja lathu, iye azingoloza. Kalata yoyamba idzacedwa, yaciwiri idzafulumirako, ndipo za m'nyumba mwathu zidzatsala m'nyumba.