Hatchi Yakatswiri: Ithamange Kapena Ikhale M'khola?

Ku Masasa mumzinda wa Mzuzu mwana angathe kukula mpaka kumanga banja asanaone hatchi ndi maso ake, ndipo ndi mmene zilili m'maboma ambiri a dziko lino. Nyama imeneyi siinachuluke kuno chifukwa cha kashembe ndiponso nthenda ina yoopsa ya mahatchi, imene imafala ndi tizilombo touluka tochepa kuposa udzudzu. Koma kuyambira kale anthu a ku Mzimba, Nkhata Bay ndi madera ena akhala akupita kukagwira ntchito ku South Africa, ndipo amene anakhalako ku Durban amadziŵa mmene mzindawo umatekesekera Loŵeruka loyamba la mwezi wa Julayi. Limeneli ndilo tsiku la mpikisano wa liŵiro la mahatchi wotchedwa Durban July, umene unayamba m'chaka cha 1897. Umachitikira pa bwalo la Greyville, ndipo masiku ano mtunda wake ndi mamita 2,200.

Mpikisano waukulu wotere ukayandikira, kaŵirikaŵiri pamabuka mtsutso umene munthu wosazoloŵera angaudabwe: kodi hatchi imene yakhala ikugonjetsa zinzake iloŵe nawo, kapena ikhale m'khola? Funsoli limamveka lachibwana, pakuti hatchi yotere anaiŵetera kuthamanga kumene. Komatu ndi lovuta, chifukwa mwini nkhani sayankhula. Hatchi singanene kuti mwendo ukuŵaŵa, ndipo ikaona zinzake zaliyatsa, nayo imathamanga ngakhale ili ndi ululu. Oyankha m'malo mwake ndi anthu, aliyense ali ndi chake chimene akuyang'ana. Mwini wake amaŵerengera mphotho, ndiponso mtengo wa hatchiyo ikadzapuma nkukhala yobereketsa. Okonza mpikisano amafuna khamu, obetcha amafuna ndalama zawo. Amene amadziŵa zenizeni ndi mphunzitsi wake, dokotala wa ziŵeto, ndi wantchito wa m'khola uja amene amadzuka mbandakucha kukapapasa miyendo ngati yatentha ndi kuona ngati chakudya cha dzulo chatha, ngakhale kuti dzina lake silituluka m'nyuzipepala.

Nkhani imene anthu a ku Durban sanaiiŵale ndi ya hatchi yamphongo yotchedwa Sea Cottage. M'maŵa wa pa 10 Juni 1966, patatsala masabata atatu kuti mpikisano uchitike, mahatchi a mphunzitsi wotchuka Syd Laird anali pa ulendo wokalimbitsa thupi kugombe la nyanja, pa malo otchedwa Blue Lagoon, pamene mtsinje wa Umgeni umathira m'nyanja. Munthu wina amene anabisala chapafupi anaombera Sea Cottage ndi mfuti, ndipo chipolopolo chinaloŵa m'mnofu wa ntchafu yakumbuyo. Hatchiyi ndiyo imene anthu ochuluka anali ataibetcherera kale. Tsono pa kubetcha kwa msanga kotere, hatchi ikapanda kuthamanga ndalama sizibwezedwa. Ikapambana, olandira ndalama za obetcha amalipira zochuluka. Apa mpamene panagona chiwembu. Woomberayo anagwidwa nalamulidwa kukhala m'ndende zaka 6.

Zifukwa zoti hatchiyo ipume zinali zoonekeratu. Inali ndi zaka zitatu zokha, mipikisano ina yambiri inali patsogolo, ndipo masiku amene inataya ikuchira anali a maphunziro ofunika. Mbali inayo inalinso ndi mfundo yake: bala linali m'mnofu, fupa silinakhudzidwe. Madokotala anachisiya chipolopolocho momwemo, ndipo Laird anagamula kuti ithamange. Pa tsiku la mpikisano Sea Cottage inapanikizidwa ndi zinzake m'njira nimaliza pa nambala 4. Imene inapambana inali Java Head, yochokera m'khola la Laird yemweyo. Pasanathe mwezi Sea Cottage inapambana mpikisano wina waukulu pa bwalo la Clairwood, ndipo pamene inapuma pa ntchito inali itapambana ka 20 pa mipikisano 24, chipolopolo chili m'thupi.

Wina angamve zimenezi nkunena kuti ngati hatchi yoomberedwa inathamanga, palibe chifukwa chobisira ina iliyonse m'khola. Kuganiza kotero nkulakwa, ndipo chifukwa chake chili m'mapangidwe a mwendo. Hatchi ya mpikisano imalemera makilogalamu pafupifupi 500, ndipo imathamanga makilomita oposa 60 pa ola. Ikakhala pa liŵiro, pamakhala kamphindi pamene thupi lonselo limatsamira pa mwendo umodzi wakutsogolo. Kuchokera pa bondo kutsika m'munsi, mwendowo ulibe mnofu; muli fupa, mitsempha ndi khungu basi. Mnofu umapola msanga chifukwa magazi amayendamo ambiri. Fupa likang'aluka pang'ono, mwina hatchi imangotsimphina mosaoneka bwino, koma mng'aluwo ukakumana ndi liŵiro, fupalo lingathe kuthetheka. Ndipo hatchi yothyoka mwendo njovuta kuichiza, pakuti singagone pansi masabata ambiri monga achitira munthu, ndipo ikaimirira ndi miyendo itatu, ziboda zotsalazo zimatupira m'kati. Zinatero ndi Barbaro ya ku America, imene inathyoka mwendo wakumbuyo pa mpikisano m'mwezi wa Meyi 2006. Madokotala analimbana nayo miyezi 8, koma mu Januwale 2007 anaipha kuti ileke kuzunzika. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: bala lotuluka magazi limene dziko lonse laliona nthaŵi zina siliopsa ngati kamng'alu kobisika.

Ku England kuli mpikisano wotchedwa Grand National, wa makilomita pafupifupi 7, pamene mahatchi amalumpha mipanda ka 30 pa bwalo la Aintree. Hatchi yotchedwa Red Rum inaupambana mu 1973, 1974 ndi 1977, ndipo mu 1975 ndi 1976 inali yachiŵiri. Mu 1978, ili ndi zaka 13, anthu anayembekeza kuiona ikuyesanso. Koma inayamba kutsimphina, ndipo kunapezeka kuti kafupa ka kuphazi kang'aluka. Kutatsala tsiku limodzi, mphunzitsi wake Ginger McCain anaichotsa pa mndandanda. Khamu linangoiona ikuyenda patsogolo pa zinzake mpikisano usanayambe. Siinathamangenso, koma inakhala ndi moyo mpaka 1995, ili ndi zaka 30, ndipo manda ake ali pafupi ndi mzere womalizira pa bwalo lomwelo.

Si nthaŵi zonse pamene mtsutso umakhala wa matenda. Pa mipikisano monga Durban July ndi Grand National pali lamulo lakuti hatchi yaluso kwambiri isenze katundu wolemera kuposa zinzake, kuti zonse zikhale ndi mwayi wofanana. Kulemera kwa wokwerayo kukapereŵera, amawonjeza timapale ta mtovu m'nsalu ya pansi pa chishalo. Mu 1967 Sea Cottage inabwerera ku Greyville itasenza mapaundi 27 kuposa hatchi ina yotchedwa Jollify. Ameneŵa ndi makilogalamu 12, ngati mapaketi 12 a shuga. Wakabaza aliyense amene anakwezapo munthu pa zitunda za ku Masasa angachitire umboni kusiyana kwa wokwera wopanda kanthu ndi wonyamula katundu wotere. Mahatchi aŵiriwo anafika pa mzere nthaŵi imodzi, oweruza nalephera kuwasiyanitsa, kotero kuti onse anapatsidwa chipambano. Koma eni ake ena savomera katundu wotere. Tiger Roll inapambana Grand National mu 2018 ndi 2019. Mu 2020 mpikisano sunachitike chifukwa cha mliri wa Covid-19. Ndipo mu 2021 mwini wake, Michael O'Leary, anaichotsa ponena kuti aipatsa katundu wopyola muyeso. Okonda maseŵerawa ambiri anakwiya, pakuti mwayi wofanana ndi Red Rum unatayika. Kunena zoona, kuchotsa hatchi yabwinobwino chifukwa chokangana ndi oyesa katundu sikufanana ndi kuchotsa yovulala, ndipo apa odandaula anali ndi mfundo.

Kumene mtsutsowu watentha kwambiri m'zaka zaposachedwa ndi ku America, pa nkhani ya kupuma. Kumeneko kuli mipikisano itatu ya mahatchi a zaka zitatu imene mwa mwambo wake imachitika m'masabata 5 okha: Kentucky Derby, patapita masabata aŵiri Preakness Stakes, patapitanso masabata atatu Belmont Stakes. Mahatchi 13 okha ndiwo anapambanapo yonse itatu, ndipo ulemu wake ndi waukulu zedi. Koma aphunzitsi ambiri a masiku ano amafuna kuti hatchi ipume mwezi wathunthu kapena kupitirira isanathamangenso, chifukwa fupa limene lagwira ntchito yakalavulagaga limafuna nthaŵi kuti lidzikonze. Otsutsa amati mahatchi akale ankathamanga pafupipafupi osadandaula, ndipo kuti maseŵera amene akatswiri ake amabisidwa amatha kukoma.

Zotsatira zake sizinathetse mkanganowo. Mu 2022 Rich Strike inadabwitsa anthu popambana Kentucky Derby. Eni ake anaipumitsa pa Preakness, koma pa Belmont inamaliza pa nambala 6, ndipo siinapambanenso mpikisano wina uliwonse. Mu 2025 mphunzitsi Bill Mott anachita chimodzimodzi ndi Sovereignty, anthu nadandaula kuti wawamana chisangalalo. Hatchiyo inapambana Belmont, kusiya m'mbuyo Journalism, imene inathamanga mipikisano yonse itatu ndi kupambana wapakatiwo. Kumapeto kwa Okutobala chaka chomwecho, patatsala masiku oŵerengeka kuti kuchitike mpikisano wa Breeders' Cup Classic, umene ambiri ankayembekeza kuti Sovereignty iupambana, hatchiyo inatentha thupi m'khola. Mott anaichotsa, ndipo mphotho inatengedwa ndi hatchi ya ku Japan yotchedwa Forever Young.