Ntchito ya Anthu Aang'ono m'Sewero la Macbeth

Munthu akawerenga sewero lomvetsa chisoni la Macbeth, limene William Shakespeare analemba cha m'ma 1606, maso ake amakhala pa anthu awiri okha: Macbeth, mkulu wa asilikali wa ku Scotland amene anapha mfumu Duncan kuti alande ufumu, ndi mkazi wake amene anamlimbitsa mtima pochita choipacho. Koma mutu umodzi susenza denga. Tikachotsa anthu owazungulira awiriwa, itsala ndi nkhani chabe ya kuphana, yopanda phunziro. Tiyeni tsono tione ntchito zitatu zimene anthu aang'onowo agwira.

Ntchito yoyamba ndiyo kukhala muyeso woyesera mwininkhani. Banquo anali pamodzi ndi Macbeth pamene mfiti zitatu zinakomana nawo kuthengo. Kwa Macbeth zinalosera ufumu. Kwa Banquo zinati iye sadzalamulira, koma ana ake adzakhala mafumu. Onse awiri anamva mawu okopa, koma anasolola mpeni ndi mmodzi yekha. Potero Banquo atisonyeza kuti mlandu suli pa mfiti ayi, uli mumtima mwa Macbeth. Izi mlembi anachita dala, pakuti m'buku la mbiri la Raphael Holinshed, m'mene anatengamo nkhaniyi, Banquo anathandiza nawo kupha Duncan. Shakespeare anamsandutsa wosalakwa. Ndipo tikumbukire kuti Mfumu James, imene inalowa ufumu wa England mu 1603, inkayesedwa ya mtundu wa Banquo.

Ntchito yachiwiri ndiyo kukhala mboni. M'chigawo chachisanu sing'anga ndi mayi wotumikira mfumukazi abisala usiku naona mkazi wa Macbeth alikuyenda m'tulo, nyali ili m'manja, akupukuta magazi osaoneka pa zala zake. Awiriwa sanapatsidwe ngakhale maina, komatu aimirira m'malo mwa ife oonerera. Mantha awo ndiwo atiuza kukula kwa chinthucho, ndipo sing'anga avomera kuti nthenda yotere ifuna wansembe koposa mankhwala. Chimodzimodzinso mlonda wa pachipata m'chigawo chachiwiri. Duncan atangophedwa kumene, kumveka kugogoda, ndipo mlondayo adza ali chiledzerere, nayerekeza kuti alikulonda chipata cha Gehena. Anthu amaseka, koma woledzerayo wanena zoona mosadziwa: nyumba ya Macbeth yasandukadi Gehena usiku umenewo.

Ntchito yachitatu ndiyo kuonetsa amene asenza zowawa za ufumu wankhanza. Kamnyamata ka Macduff kaoneka kamodzi kokha m'chigawo chachinayi, kakucheza mwanzeru ndi amake, ndipo posakhalitsa kabayidwa pamaso pathu ndi anthu otumidwa ndi Macbeth. Duncan anaphedwa kuseri, ife osaona. Mwanayu afera poyera. Kuyambira pamenepo sitingathenso kumkhululukira Macbeth. Ross atenga uthengawo kunka nawo ku England, ndipo Malcolm, mwana wa Duncan, afulumiza Macduff kuti asandutse chisoni chake mkwiyo. Macduff ayamba walira maliro a mkazi wake ndi ana ake, pambuyo pake ndipo atenga lupanga. Apa tiona umuna wa mtundu wina, wosiyana ndi uja umene mkazi wa Macbeth anakakamiza nawo mwamuna wake kupha. Ndiye Macduff yemweyu amene adula mutu wa Macbeth potsiriza.

Inu amene mudzakhala aphunzitsi, ana anu a pulayimale sadzawerenga Macbeth, koma mudzawachititsa timasewero ndi kuwasimbira nthano. Mudzaona kuti aliyense afuna kukhala mfumu kapena Kalulu, ndipo wopatsidwa malo a mthenga abwerera kumpando wake nkhope ili yakugwa. Musamtonthoze ndi mawu okha. Funsani kalasi lonse kuti, "Kodi munthu uyu tikamchotsa, nkhani itaya chiyani?" Alekeni anawo ayese kusewera popanda mthengayo, kufikira adzionere okha pamene nkhani yaduka. Mukatero mudzaphunzitsa zinthu ziwiri pa nthawi imodzi: kuwerenga nkhani ndi maso onse awiri, ndi kulemekeza munthu wa ntchito yaing'ono.