Mtengo wa Timakompyuta ta M'maofesi ku Mchinji

M'nkhani ino ndikufuna kufotokoza za mtundu wina wa kompyuta umene ndimaupeza m'maofesi a pa boma la Mchinji, kwathu. Awa ndi makompyuta a patebulo, koma kabokosi kake nkakang'ono kwambiri moti kamakwana m'chikwama cha mwana wasukulu. Zitsanzo zake ndi Dell OptiPlex Micro, HP EliteDesk Mini ndi Lenovo ThinkCentre Tiny. Ganizo langa ndi lakuti mtengo wa timakompyutati supangidwira ku Mchinji, ngakhalenso ku Lilongwe kumene anthu ambiri amakatigula.

Tambiri mwa timeneti ndi togwiritsidwapo kale ntchito, tingoti kaunjika wa makompyuta. Makampani akuluakulu a ku Ulaya ndi ku America amasintha makina awo pakatha zaka zochepa, ndipo amalonda amagula akalewo ambirimbiri, kuwapukuta ndi kuwatumiza kuno kudzera ku Dubai kapena ku Johannesburg. Katunduyu amagulidwa ndi ndalama zakunja. Choncho pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo inakwera ngakhale pa makina amene anali kale pashelefu. Wamalonda sayang'ana ndalama imene anagulira katundu, amayang'ana imene adzaodere wina.

Ena amaganiza kuti popeza Chipata ali pafupi, kumeneko nkotchipa. Nzoona kuti chipata chimodzi cha Mchinji ndi Mwami, chimene chinatsegulidwa mu December 2022, chinafupikitsa nthawi yodikira pamalire. Koma wogula ayenera kupeza kaye kwacha ya ku Zambia, imene ndi yamphamvu kuposa yathu, ndipo katunduyo ayenerabe kuonetsedwa kwa a MRA.

Mfundo imene ndikuona kuti ogula ambiri saidziwa ndi iyi. Pa 14 October 2025 kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10. Windows 11, imene inalowa m'malo mwake, pa makina a Intel imafuna purosesa ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kapena woposerapo. Makina a m'mibadwo yam'mbuyo ndi amene maofesi akunja amataya mosanyinyirika, ndipo ndi omwewo amene amafika kuno pamtengo wokopa. Wogulitsa amangolemba kuti “Core i5”, osatchula m'badwo. Komatu i5-6500T ndi i5-8500T si chinthu chimodzi: nambala yoyamba ija, 6 kapena 8, ndiyo imanena m'badwo. Kalaliki amene wasankha yotsika mtengo pa makotesheni atatu akhoza kugulira ofesi yake makina amene sadzalandiranso chitetezo chatsopano, pamene m'makinamo mudzasungidwa malipiro a antchito kapena maina a alimi a mtedza.

Ubwino weniweni wa timakompyutati uli pa magetsi. Tambiri timagwiritsa ntchito adaputa ya mawati 65, choncho sola yaing'ono ndi batire zikhoza kutiyendetsa. Amene anagwira ntchito mu 2022, namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira, akudziwa kufunika kwa zimenezi. Komabe kabokosika kalibe batire lakelake ngati laputopu. Magetsi akangothima, zonse zimene sunasunge zapita. Pamtengo wolembedwa uja muwonjezerepo sikirini, kiyibodi, mausi ndi UPS, komanso ndalama ya minibasi yopita ku Lilongwe, mtunda woposa makilomita 100, tsiku limene adaputa idzapse.